Sefa Yachisanu ndi Chiwiri ya Mayi Ok

Daegu, 3 Epulo
Chithunzi choyesera: mbalame yoyera pa malaya ofiira a poliyesita
Kompyuta: mphindi 4, masefa 6
Mayi Ok: masiku 3, masefa 7
Malaya: 40 mbali iliyonse, onse pamodzi 80

Olemekezeka Bambo Bang, mkulu wa fakitale ino. Olemekezeka a bungwe la osindikiza nsalu. Mayi Ok Sun-rye, amene mwagawa mitundu ya zithunzi ndi mpeni zaka 31, ndipo kalata yokuchotsani ntchito yalembedwa kale. Antchito nonse 46.

Mwandiitana, ine amene ndinayang'anira ntchitoyi zaka 26, kuti ndidzatsegule chipinda cha pulogalamu ya kompyuta yogawa mitundu ya chithunzi, mtundu uliwonse pa sefa yake yosindikizira pa nsalu. Ndathokoza. Koma sindidula riboni pa chinthu chomwe sindinachiyese, n'chifukwa chake mwezi watha ndinapempha mayeso amene ndawerengawa.

Tsiku losindikiza, malaya onse anatuluka mu uvuni woumitsira utoto ali ofanana. Bambo Bang anaseka Mayi Ok, amvekere: "Achemwali, sefa yowonjezerayo ndi ya mizimu? Utoto wotuwa woti palibe adzauone!" Mayi Ok anati: "Bwana, nanunso kabudula wam'kati palibe amamuona, koma simumusiya kunyumba."

Malayawo ndinawasunga masiku 12. Pa 40 a kompyuta, mbalame 37 zasanduka zapinki, poti kufiira kwa nsalu yotere kumakwera mu utoto woyera pang'onopang'ono. Pa 40 a Mayi Ok palibe ngakhale imodzi. Utoto wotuwa uja, woikidwa pansi pa woyera, unatchinga kufiirako. Mu 1984 ineyo ndinadumpha sefa imeneyi pofuna kufulumira, ndipo sukulu ina inatibwezera malaya 600. Ndinawawerenga ndekha powatsitsa m'galimoto.

Pulogalamuyi ndi yabwino, ndipo yachedwa kubwera. Chithunzi imachiona molondola kuposa tonsefe, koma nsalu siigwira. Woigwirayo mukumuchotsa Lachisanu.

Bambo Bang, sizasi ili m'manja mwanga, kalata ili m'thumba mwanu. Ndili ndi zaka 78, koma ndikhoza kuima pano osadula riboni mpaka supu ya ng'ombe mwatikonzerayo izizire.

Ayi, kalatayo musandipatse ine. Ing'ambeni pomwepo, tonse tione. Zidutswa zinayi, zakwana.

Olowa m'chipindachi: makompyuta 2, anthu 3, mmodzi mwa iwo Mayi Ok.
Ochotsedwa ntchito: palibe.

Tsono ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa. Zikomo kwambiri.

Pyo Geum-ja