Namwino Amene Anaphunzira Kulankhula ndi Manja

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1967, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, chitsiriza, amene anandilera pamsana. Anayamba sukulu mu 1974, ndipo mu 1989 anamaliza maphunziro a unamwino. Mu 1992 anamanga banja ndi alamu athu, amakaniko, amene akhala kutsogoloku. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2011 chipatala chinawasankha kuti azipeza achinyamata olowa m'kafukufuku wa mankhwala atsopano a mphumu. Wina akanangoima pachipata cha koleji n'kulemba maina mpaka buku kudzaza. Iwo ayi. Ankati mankhwalawo adzamwanso mnyamata wopuma fumbi la matabwa ndi mtsikana wochapa m'nyumba za eni, ndiye amenewonso asatsale. Nsapato zinawathera m'magalaja ndi m'mashopu a matelala. Kwa iwo munthu sankasaina pepala la chilolezo tsiku lomwelo. Ankayenera kupita kwawo, kukaganiza, n'kubwera kudzafotokoza yekha zimene wamva, ngakhale zoti ali ndi ufulu wosiyira panjira.

Mu 2014 kunabwera achinyamata osamva asanu ndi awiri, onse odwala mphumu. Akuluakulu anati abwezedwe, poti panalibe wowafotokozera pepala la chilolezo. Malemu zinawawawa mumtima. Anapempha chaka chimodzi, ndipo ali ndi zaka 47 anakakhala pabenchi la ana kusukulu ya osamva, Loweruka lililonse, kuphunzira chinenero chamanja.

Pamaliro sitinama: ife tinkawaseka. Tinkawapeza akulankhula ndi galasi, uku mphika ukupserera. Alamu ankati mayi ayamba ntchito yopirikitsa ntchentche. Anatichonderera kangapo kuti tiphunzire nawo, koma aliyense anali wotanganidwa. Chaka chitatha, achinyamata asanu analowa m'kafukufuku, awiri anakana. Malemu anakondwera ndi onsewo, chifukwa okanawo anakana chinthu chimene anachimvetsa.

Mu Juni chaka chatha anawapeza ndi khansa ya pakhosi. Opaleshoni ya mu Okutobala inawalanda mawu. Poyamba ankatilembera, koma pofika Febuluwale dzanja linkanjenjemera, zolembazo osawerengekanso. Anatsala ndi chinenero chamanja chokha. Iwo kulankhula, ife kumangoyang'anana ngati alendo m'nyumba mwathu momwe. Tsiku lina tinawapatsa madzi katatu konse, pamene iwo ankaitana mdzukulu wawo. Abale inu, manyazi a tsiku limenelo sadzandichoka.

Amene anatiwombola ndi mayi wina telala, mmodzi mwa awiri amene anakana kafukufuku aja. Atamva za matendawa anatseka shopu yake masabata atatu. Ankakhala pampando pafupi ndi bedi, kope lili pamwendo, kuyang'ana manja a malemu n'kumatilembera. Mawu amene malemu anasiyira amuna awo ndi mwana aliyense ali m'kope limenelo. Pakanapanda mayi ameneyu, akanapita nawo.

Malemu anatisiya pa 18 Malichi chaka chino, m'mawa, ali ndi zaka 57. Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ife abale awo anayi.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino anzawo, aneba, ndi inu nonse amene mwatipepesa. Ndikuthokoza mwapadera atelala. Abambo aima pambali pangawa, amene akutembenuza mawu anga ndi manja, ndiwo anaphunzitsa malemu chinenero chamanja. Patsamba lomaliza la kope lija malemu anapempha kuti pamaliro awo pasakhale munthu wongoona milomo ikugwedezeka. Tachita monga anafunira, koma ndi manja obwereka, chifukwa m'banja lonseli mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kunena zikomo m'chinenero chimenechi.

Alongo anga, munatiitana nthawi ilipo, ife tinachedwa. Tikhululukireni. Mzimu wanu uuse mumtendere.