Zojambula za Mayi Malita Zili M'bokosi

Malemu mayi Malita Chimphonda anabadwa m'chaka cha 1958 ku Linthipe, m'boma la Dedza. Sukulu anayambira konko, ndipo ankakwapulidwa kawirikawiri chifukwa chojambula nkhope za aphunzitsi m'kope la masamu. Ankati zikwapu zinkawawa ndithu, koma mphuno ya ahedi inali yovuta kuisiya. Atamaliza sekondale anakaphunzira unamwino ku Blantyre.

Mu 1981 anakwatiwa ndi bambo Thompson Chimphonda, amene ambiri mumawadziwa ngati mmodzi mwa oyamba kupanga timabuku ta nthano za zithunzi m'Chichewa. Timabuku toyambirira, tonena za kondakitala wa basi dzina lake Mapopa, tinatuluka banja litangoyamba kumene, ndipo lero okumbukira timabukuto ndi ochepa. Bambo Chimphonda ankalemba mawu. Zithunzi zonse ankajambula ndi malemuwa akaweruka kuchipatala, mwana ali kumbuyo. Wosindikiza anakana kuikapo dzina la munthu wamkazi, ati anthu sangagule, ndipo bambo sanatsutse. Nkhaniyi inawapweteka mayi moyo wawo wonse. Nafenso achibale imatiwawa.

Mayi anabwera kunja kuno, ku Sheffield, mu 2003, nagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Kumpingo ankaphunzitsa Sande sukulu, ndipo ana obadwira kuno anamudziwa mneneri Yona kudzera m'zithunzi zimene mayiwa ankajambula ndi choko.

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Ali chigonere anamva kuti mumzinda wa Salford anthu ena akukonza chionetsero cha ntchito zoyambirira za bambo Chimphonda, ndipo akufuna mapepala enieni a Mapopa, amene mayi anasunga m'sutikesi zaka zonsezi. Dzina la mayi silinatchulidwe paliponse. Sanakalipe. Anaitanitsa abusa ndi ana awo, nalamula kuti akadzamwalira mapepalawo aikidwe m'bokosi mwawo, ndipo atulutsidwe pokhapokha bambo atanena ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu, kuti anajambula zithunzizo ndani. Anatisiya Lachiwiri lapitali.

Asiya amuna awo, ana atatu, Gertrude, Ernest ndi Temwani, zidzukulu zisanu ndi alongo awo awiri.

Ife tachita monga ananenera. Mapepalawo ali m'bokosimu, ndipo chivindikiro sichinakhomedwe. Mpaka m'mawa uno bambo Chimphonda anali asanatiyankhe. Abusa avomera kuti tidikire pang'ono tisanatsitse thupi.

Bambo, bwalo ndi lanu, kuti mayi Malita apumule mu mtendere.