Kanjira Kofiira ka ku London

Achimwene owerenga nkhani, ine ndinali dalaivala wa banja lina ku Al Thumama, kuno ku Doha. Anzanga amandidziwa ndi pakamwa. Pamsika palibe wogulitsa amene ndinamusiya asanatsitse mtengo.

Chaka chatha kutatentha, abwana anati tikapumire ku London. Anasankha ine chifukwa kumeneko amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Ndinadzimva ngati nduna.

Tsiku lina tinapanikizika pamzere wa magalimoto, koma kumbali kunali kanjira kopaka utoto wofiira, kopanda kanthu. Abwana anati, "Yalla, fulumira, tachedwa!" Ndinalowamo, mumtima ndikuti wapolisi akandiimitsa ndingoti, "Bwana, ndife alendo," timvana. Sanandiimitse aliyense. Masiku otsatirawo ndinkangodutsa momwemo, uku ndikuseka azungu ali pamzere.

Kani kanjirako ndi ka mabasi, ndipo wapolisi wake ndi kamera. Titabwerera ku Doha, kampani imene tinabwerekako galimoto inatumiza zithunzi pamodzi ndi zindapusa. Ndinayamba mwaulemu, "Abwana, paja inu munati yalla..." Iwo anangoti, "Khalas, basi zatha," n'kulanda makiyi.

Lero ndimatsuka galimoto imene ndinkayendetsa, ndipo chaka chino ku London akupita ndi wina.

Anzanga opita kumeneko, muziwerenga zikwangwani zamumsewu. Kanjira ka mabasi kasiyeni, ngakhale wakumbuyoyo akalipe chotani, pakuti tsiku la mlandu iye adzakhala ataiwala. Ine ndanyengererapo anthu ouma mtima ambiri, koma kamera ilibe khutu.