Katemera Amene Ndinawalonjeza Amayi

Moni nonse abale ndi alongo a pagulu lino. Mundikhululukire kuti mwana ngati ine ndikulemba pomwe pali akuluakulu odziwa kuyala nkhani. Sukulu ndinaphunzira kumudzi ku Phalombe, ndipo ngakhale kutchalitchi ndimakhala benchi ya kumbuyo. Koma amayi akuti kubisa zimene Mulungu wakuchitira n'chimodzimodzi kuba, ndiye ndalimba mtima. Dzina langa ndine Esinati, ndimakhala ku Machinjiri. Nkhani yanga ndi ya khansa imene inatsala pang'ono kutenga amayi anga, ine mwana wawo ndikuithandizira.

Chaka chatha amayi anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Adokotala anati mwayi ulipo chifukwa inali isanafalikire, ndipo anatilembera tsiku la opaleshoni m'buku la kuchipatala. Titatsika minibasi pobwerera, amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esinati, iwe umawerenga Chingerezi, undifunire njira ina. Mpeni ayi. Mkulu wanga analowa m'chipinda cha opaleshoni osatulukamo."

Chibadwire sindinawakanirepo kanthu amayi. Ndinayamba kufufuza pa foni, mpaka ndinapeza nkhani ya akatswiri a kunja amene akukonza katemera wolimbana ndi khansa. Amati amagwiritsa ntchito tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timanyamula chizindikiro cha khansayo n'kukachionetsa kwa asilikali a m'thupi, kuti amudziwe mdani n'kumenyana naye mwamphamvu. Ndinawamasulira amayi zonsezi, ndipo nkhope yawo inawala koyamba chichokereni kuchipatala. Kumunsi kwa nkhaniyo kunali mawu ena onena kuti katemerayo anamuyesa pa mbewa zokha. Ndinawaona mawuwo, ndinawamva bwinobwino. Koma nditayang'ana chimwemwe cha amayi, ndinawameza.

Tsiku la opaleshoni linafika n'kudutsa, buku lili pansi pa matiresi. Amayi ankangoti tidikire katemera. Patapita miyezi iwiri anasiya kupita kudimba, kenako ngakhale ndowa yaing'ono inawakanika. Nsalu zawo ndinkachapa ndine, choncho ndinkadziwa kuti magazi akuchuluka. Tsiku lililonse ankandifunsa ngati katemera wafika kuno kwathu, ine n'kuyankha kuti watsala pang'ono. Ndinkapemphera ndili pa mwala wochapira: Ambuye, pakamwa panga n'polemera, tumizani wina akanene zimene zikundikanika.

Lachinayi lina kunabwera amayi a kutchalitchi kudzazonda wodwala. Ataimba ndi kupemphera, amayi anga anapereka umboni kuti Mulungu waonetsa mwana wawo katemera, ndiye mpeni sudzawakhudza. Onse anati amen. Yekhayo amene sanavomere anali Mayi Gondwe, namwino wopuma pantchito wa ku Chilomoni, amene ndinkawaopa chifukwa sasekaseka. Anandikodola kuti tituluke, n'kupempha foni ija. Anawerenga pang'onopang'ono mpaka kumunsi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, kodi amayi ako ndi mbewa?"

Ndinangoyamba kulira. Ndinawauza kuti ndinawaona mawuwo koma ndinaopa kukhumudwitsa amayi. Sanandikalipire. Anati nkhaniyo si yabodza, ndipo nzeru yake ndi yabwino, ili ngati kununkhiza galu malaya a wakuba kuti akamugwire. Koma kuchoka pa mbewa kufika pa munthu pamatenga zaka, pomwe khansa ya amayi sikudikira munthu. "Ndikuthandiza," anatero, "koma pakamwa poyamba pakhale pako."

Anzawo atapita, tinalowa atatu. Ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kunena kuti, "Amayi, ndinakunamizani. Katemera uja kulibe kuno, ndipo sanafike poti n'kupatsa munthu ngati inu." Amayi anatembenukira kukhoma. Apo Mayi Gondwe anatseka chitseko, anamasula chitenje, n'kuwaonetsa chipsera cha pamimba pawo. Anati, "Mayi a Esinati, taonani kuno. Chiberekero changa anachotsa kalekale, koma ndikadali wamphamvu, paja mumadandaula kuti ndimakutsekani mawu pa kwaya." Amayi anachiyang'ana chipseracho nthawi yaitali, anachikhudza ndi chala. Kenako anandiuza kuti nditulutse buku pansi pa matiresi.

M'mawa mwake Mayi Gondwe anatiperekeza kuchipatala. Adokotala atapimanso anati chotupa chakulako, ndipo tikanachedwa pang'ono opaleshoni sikanathekanso. Mawu amenewo sindidzawaiwala. Opaleshoni inachitika, kenako panatsatira chithandizo china chimene chinawafoola amayi kwambiri, koma anapirira. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandiuza kuti, "Unalakwa, koma ndine ndinakusenzetsa katundu woposa msinkhu wako." Tinakhululukirana pomwepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la pa mwala wochapira kudzera mwa munthu amene ndinkamuthawa. Akatswiri aja ndimawapemphererabe, kuti katemera wawo adzatheke, adzathandize amayi a ena. Mng'ono wanga tinamubayitsa katemera amene alipo kale, woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansa imeneyi. Inu amene mukudwazika matenda, musafooke, ndipo tsiku limene akulemberani kuchipatala muzilisunga. Ndipo inu anzanga amene mumawerengera makolo za Chingerezi, muziwerenga mpaka kumunsi, ngakhale mawu ake akhale owawa.

Amayi amapitabe kukapimidwa, koma pomaliza penipeni adokotala anati sakuonanso chotupa chilichonse. Pobwerera amayi anatsika minibasi siteji imodzi tisanafike, kuti akaone ngati kudimba kuja kungalimikebe. Linali Lachinayi loyamba pambuyo pa Pasaka, chaka chino.