Mutu Ungachire ndi Macheza?

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, mphunzitsi wina ankangotembenuza kapepala kake ali ndwii, mpaka mayi amene anali pambuyo pake anamufunsa chomwe chavuta.

"Mayi, mutu wandizunza zaka zitatu. Andipima magazi, andijambula, akuti zonse zili bwino. Ndiye akuti ndikacheze ndi aphungu. Mutu ungachire ndi macheza?"

"Anakufunsani chiyani adokotalawo?"

"Akuti, 'Kuntchito mukukhala bwanji ndi akuluakulu?' Adziwa bwanji kuti ine ndi ahedi sitimwerana madzi? Alipo wawatsina khutu. Akufuna alembe kuti mutu wanga sukuyenda bwino, ntchito indithere."

"Inenso ananditumiza komweko, bambo. Wanga unayamba amuna anga atamwalira. Mapilitsi ndinkangomeza ngati maswiti, osasintha. Panopa ndimatha mwezi osaumva."

"Kapena nanunso achita kukutumani?"

"Ine ndadzatenga mankhwala a mwana. Koma tandiuzani, pa holide umakupwetekani?"

Mphunzitsi uja anasisita pachipumi.

"Pa holide ayi. Umayamba Lamlungu madzulo." Anacheuka uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Chipinda cha aphunguwo chili mbali iti? Musaloze ndi chala, anthu akuona."