Chiuno chimene ndinayeza ku Limbe

Aulutsi, muwerenge pang'onopang'ono, pakuti ine polemba pano ndikuimba. Mwana wanga wamkazi wachira kuchipatala, wandipatsa mdzukulu, ee, mwayi wanga ine!

Atachira anandinong'oneza: "Amayi, magazi akundichititsa manyazi, ndikuopa n'kudzuka komwe. Mukandigulire mapanti ndi thonje."

Ndinamanga kadi ya chipani, ija amafunsa pokwera basi, pamfundo ya nsalu, n'kukwera basi ku Chirimba mpaka ku Limbe ngati ndikuyandama. M'sitolo ya amwenye ndinasankha timapanti toyera, tamaluwa m'mphepete. M'maso mwangamu munali kamtsikana kanga, kakudumpha chingwe pabwalo, fumbi lili koboo.

Mayi wachimwenye wogulitsamo, waimvi ngati ine, atamva kuti ndi ta wobereka kumene, anafunsa: "Mama, wobereka chiuno chake bwanji?"

Ndinamuyezera ndi manja, kachiuno kotere.

Anaseka mpaka zibangili kulira. "Uyo mwana wa sukulu, mama! Nanga wabereka ndani?"

Manja anga anatsala m'malere. Kenaka manjawo anayamba kutalikirana okha, pang'ono, pang'ono, misozi nayo n'kumatsika.

Mayi uja anandisankhira mapanti akuluakulu, akuda, ansalu yofewa, ofika pamchombo, oti thonje likhazikike osathawa. Kukongola kokha ayi ndithu!

Kuchipatala mwana wanga anavala, naimirira, nayenda mpaka pazenera osacheuka n'komwe kuona kumbuyo kwa chitenje chake. Ndinafuna kumuitana, koma dzina lake laubwana linakana kutuluka pakamwa panga.

"Amake mwana," ndinatero, "bwerani mukhale pansi. Mwana wanu akufuna bere."