Uthenga wa Mayi a Kunyumba

Pa siteji ya basi pafupi ndi chipatala cha maso, bambo wina anatchinga nkhope ndi chipewa, misozi ili chuchuchu. Anapatsira foni mayi amene anaima pambali pake.

"Tandiwerengereni uthengawu, mayi. Adokotala andithira mankhwala m'maso kuti aone bwino m'kati. Iwo aona, ine ndiye sindikuona kanthu. Dzuwali likundibaya ngati singano."

"Sanakuchenjezeni?"

"Anena atathira kale, anthu oipa mtima. Werengani, ndi akazi anga, atumiza katatu. Mukuchedwa chiyani, kapena inunso akuthirani?"

"Mankhwalawo akuti amatha liti?"

"Pakapita maola anayi."

"Ndiye khalani pamthunzi mupumule maola anayiwo, bambo. Ine za inu ndi mtsikana wa ku saluni sindingawerenge pagulu."